Tambala wosalira: mlandu wa ndalama zachitsulo za Malawi

Ndalama yachitsulo yaikulu kuposa zonse m'Malawi muno ndi ya K10, komabe m'misika ya Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona mulibe chinthu chimene ndalamayi ingagule payokha, ngakhale bokosi la machesi, chitumbuwa chimodzi kapena kamulu ka mchere. Kwa munthu amene amalipira ndi khadi la kubanki m'masitolo akuluakulu nkhaniyi ndi yochepa, koma kwa anthu a m'malokeshoni a Lilongwe, amene amagula chakudya cha tsikulo pa tsiku lomwelo, apa ndi pamene pamachokera mikangano ya chenji imene imabuka m'mawa uliwonse pakati pa kondakitala ndi wokwera minibasi, pakati pa mwini okala ndi mwana wotumidwa, ndiponso pakati pa wogulitsa madzi pakiyosiki ndi mayi wobwera ndi ndowa. Mlandu wa zimenezi uli pakhomo pa Reserve Bank of Malawi, banki yaikulu imene malamulo anaipatsa yokha mphamvu yotulutsa ndalama, chifukwa inasiya malire a pakati pa ndalama zachitsulo ndi zapepala pomwe anali mu 2007 pamene mitengo ya zinthu ikuthamanga, ndipo lero imadzudzula anthu wamba kuti sasamala mapepala amene akusenza katundu woyenera chitsulo.

Kuti mlanduwu uzengedwe bwino, pafunika kudziwa kaye kumene ndalama yachitsulo imachokera. Imasulidwa m'fakitale yapadera imene Chingerezi chimaitcha mint, ndipo dzina loiyenera m'Chichewa ndi chipala cha ndalama, popeza ntchito yake ndi yofanana ndi ya wosula makasu: chitsulo chimaphwatalitsidwa, chimadulidwa tizidutswa tozungulira, kenako kachidutswa kalikonse kamapanidwa mwamphamvu pakati pa zidindo ziwiri zolimba zimene zinagobedwa chithunzi, mtengo wa ndalamayo ndi chaka. Dziko la Malawi silinakhalepo ndi chipala chotere. Ndalama zoyamba za dziko lino, zimene zinatuluka mu 1964, zinasulidwa ndi Royal Mint ya ku Britain, ndipo nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda imene inali pa ndalamazo inagobedwa ndi Paul Vincze, mmisiri wobadwira ku Hungary. Kuyambira pamenepo, banki yaikulu ikafuna makobidi atsopano imaitanitsa kunja, imalipira ndi ndalama zakunja, ndipo katunduyo amadutsa panyanja ndi pamsewu asanafike kumalikulu ake ku City Centre. Choncho kachitsulo kalikonse kamene kali m'chitini pawindo la nyumba ku Biwi kanadya gawo la madola omwewo amene dziko limasowa pogula mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala a m'zipatala.

Boma limapindula ndi ndalama yachitsulo pokhapokha mtengo wolembedwa pa ndalamayo ukaposa mtengo woipangira, ndipo phindu lotsala pakatipo akatswiri a zachuma amalitcha seigniorage. Mitengo ya zinthu ikakwera kwa zaka zambiri phinduli limafota mpaka kusanduka chitayiko, ndipo mayiko olemera nawonso anakumana nazo. Dziko la Canada linaleka kusula kobidi lake la senti imodzi mu 2012 litaona kuti likuwononga masenti 1.6 popanga kobidi limodzi, ndipo ku America lipoti la chipala cha boma linaonetsa kuti mu 2024 senti imodzi inkadya masenti 3.69. Poyerekeza ndi zimenezi, masamu a Malawi ndi ochititsa manyazi: pa mtengo wovomerezeka wa pafupifupi K1,750 pa dola imodzi, umene wakhalapo kuyambira mu 2024, senti imodzi ya America ndi K17.50, kotero kuti munthu atasonkhanitsa ndalama zonse zitatu zachitsulo zimene zinatuluka mu 2012, ya K1, ya K5 ndi ya K10, apeza K16, imene siikwana ngakhale senti imodzi ija imene eni ake anaiona kuti ndi yodula kuipanga. Palibe chipala padziko lapansi chimene chingasule kachitsulo, kukalongedza ndi kukafikitsa ku Lilongwe pa mtengo wa K1.

Mbiri ya maonekedwe a ndalamazi imasonyeza kumene maso a olamulira akhala akuyang'ana. M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland anthu ankagwira kobidi loboola pakati ndi tiki, ndipo mawu akuti makobidi anatsalira m'chinenero kufikira lero monga dzina la ndalama iliyonse. Ufulu utabwera mu 1964, nkhope ya Kamuzu inakwera pa ndalama zachitsulo iye akadali nduna yaikulu, Mfumukazi Elizabeth II ikadali mutu wa dziko, ndipo kuseri kwake kunali tambala pa ndalama ya mapeni 6, chimanga chomangidwa pamodzi pa sheleni, njovu pa ndalama ya masheleni awiri, ndi chizindikiro cha dziko pa hafukoloni. Mu 1971 paundi inalowedwa m'malo ndi kwacha, pa mtengo wa K2 pa paundi imodzi, ndipo kwacha inagawidwa m'matambala 100. Mayina awiriwa sanasankhidwe mwangozi, pakuti kwacha anali mfuu ya omenyera ufulu ndipo tambala wakuda anali chizindikiro cha Malawi Congress Party, kotero kuti aliyense wogula mchere ankatchula mawu a chipani ngakhale asakufuna. Ndalama ya tambala imodzi inanyamula tambala weniweniyo, ya matambala awiri mbalame ya mchira wautali, ya matambala asanu mbalame ya m'madambo ya mtundu wa kakowa, ya matambala 10 chimanga, ndipo ya matambala 20 njovu. Mu 1986 panaonjezedwa ya matambala 50 ndi ya K1, ndipo pa kwachayo panaikidwanso tambala.

Chisankho cha mu 1994 chitasintha boma, zidindo nazo zinasintha. Pa ndalama za 1995 ndi 1996 panaoneka nkhope ya Bakili Muluzi, tambala anachotsedwa pa ndalama ya tambala imodzi n'kuikapo nsomba ziwiri, anachotsedwanso pa K1 n'kuikapo nkhwazi, ndipo mbidzi zinalowa pa ya matambala 50, ngakhale kuti dzina lakuti tambala linatsala chifukwa linali litazika kale mizu m'kamwa mwa anthu. Pa ndalama zapepala nkhope ya Muluzi inakhalapo kanthawi kochepa, ndipo kuyambira mu 1997 malo ake anatengedwa ndi John Chilembwe. Ndalama zachitsulo za 2004 ndi zonse zotsatira zinanyamula chizindikiro cha dziko m'malo mwa nkhope ya munthu, ndipo chimenechi ndi chinthu choyenera kuyamikiridwa, chifukwa mkango ndi kambuku a pa chizindikirocho sagonja pa chisankho. Koma chizolowezi chabwinochi chimadalira mtima wa olamulira, ndipo dziko limene linasintha mbendera yake mu 2010 n'kuibwezeretsa mu 2012 siliyenera kukhulupirira kuti mtima wa olamulira ndi mpanda wokwanira. Dziko la Kenya linatseka khomo limeneli m'malamulo ake aakulu a 2010, amene amaletsa chithunzi cha munthu pa ndalama, ndipo makobidi ake a 2018 ananyamula nyama zokhazokha.

Chofunika kuona m'mbiri yonseyi ndi chakuti zidindo zatsopano zinagobedwa mwachangu pamene panafunika kusintha nkhope, koma pamene panafunika kukweza mtengo wa ndalama yachitsulo kuti igwirizane ndi msika, banki yaikulu inayenda ngati birimankhwe. Kuchokera mu 1986 panadutsa zaka zoposa 20 kwacha imodzi ili ndalama yachitsulo yaikulu, ngakhale kuti mu 1994 kwacha inamasulidwa kuti mtengo wake uzitsatira msika ndipo inagwa kwambiri. Mu January 2007 ndi pamene panatuluka makobidi a K5 ndi K10, olembedwa chaka cha 2006, opangidwa ndi zitsulo za mitundu iwiri, china pakati china m'mphepete, osonyeza asodzi pa K5 ndi mlimi akukolola pa K10. Anali okongola koma ochindikala ndi olemera, ndipo pa 23 May 2012 analowedwa m'malo ndi ang'onoang'ono opepuka, nkhwazi pa K1, kakowa pa K5 ndi njovu pa K10, pamodzi ndi ndalama zapepala zatsopano zimene nazo zinachepetsedwa kukula kwake kuti mtengo wosindikizira utsike. Tsoka la makobidi atsopanowa linali lakuti masiku 16 okha asanatuluke, pa 7 May 2012, boma la Joyce Banda ndi banki yaikulu motsogozedwa ndi Charles Chuka anali atatsitsa kwacha kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola, kotero kuti anafika m'manja mwa anthu atataya kale gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yawo.

Pa tsiku limenelo K10 inali masenti anayi a America. Kwacha inapitiriza kutsetsereka, inatsitsidwanso ndi 25 pa 100 mu May 2022 ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndipo mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 pa 100 pa chaka. Pa nthawi yonseyi banki yaikulu inayankha kumutu kokha: K500 inali itabwera mu 2001, K1,000 inabwera mu 2012, K2,000 mu 2016, ndipo K5,000 mu 2022, koma kumiyendo kunalibe kusuntha. Kutalikirana kumene kwabadwapo kumaoneka ndi masamu osavuta. Mu 1971 ndalama yapepala yaikulu inali K10 ndipo yachitsulo yaikulu inali matambala 20, kutanthauza kuti makobidi 50 ankakwana pepala lalikulu limodzi. Ku South Africa makobidi 40 a R5 amakwana R200, ndipo ku Zambia, kumene mu March 2025 anasandutsa K2 ndi K5 kukhala zachitsulo, makobidi 100 a K5 amakwana K500. M'Malawi muno pamafunika makobidi 500 a K10 kuti akwane K5,000. Muyeso wa 1971 utatsatidwa, ndalama yachitsulo yaikulu ikanakhala K100, ndipo imeneyo ndi mfundo imene ikuchokera m'mbiri ya banki yomweyi, osati m'buku la dziko lina.

Zotsatira za kunyalanyaza kumeneku zimagwera anthu amene malonda awo ndi a timiyulu ndi timapaketi. Banja la ku Chinsapo kapena ku Mgona siligula thumba la ufa, botolo la mafuta ophikira kapena thumba la makala nthawi imodzi. Limagula ufa wa wokumani, mafuta a m'kachubu, kamulu ka bonya, tomato atatu ndi kajumbo ka makala, ndipo mawa limayambiranso. Munthu wogula kasanu kapena kakhumi pa tsiku amakumana ndi vuto la chenji kasanu kapena kakhumi, pamene wolemera amene amagula kamodzi pa mwezi amakumana nalo kamodzi kapena sakumana nalo n'komwe. Popeza makobidi sagwira ntchito ndipo mapepala a K20 ndi K50 amasowa kapena amafika atang'ambika, mitengo imalumpha ndi K50 kapena K100, chifukwa wogulitsa amene katundu wamukwerera pang'ono alibe sitepe yaing'ono yopondapo. Akasankha kusakweza, amachepetsa mulu, ndipo basela amazimiririka. M'masitolo akuluakulu mitengo imalembedwabe ndi matambala amene palibe angawabweze, ndipo wogula amapatsidwa switi kapena amauzidwa kuti chenji palibe. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolo uwu ndi msonkho umene Nyumba ya Malamulo sinavomerezepo, umene umatoledwa kwambiri kwa iwo amene ali ndi zochepa.

Mbali ina ya chitayiko ili pa mapepalawo. Ndalama yachitsulo imatha kuyenda zaka 25 kapena 30 isanafufutike, pamene pepala laling'ono limene limasintha manja kangapo pa tsiku limalema m'miyezi yowerengeka. Pepala la K100 lokhala ndi nkhope ya James Sangala, kapena la K200 lokhala ndi Rose Chibambo, limayamba m'mawa m'manja onyowa a pakiyosiki, limapita kwa wogulitsa mandasi kumene limamwa mafuta, limadutsa pachigayo, limapindidwa pakati pa zala za kondakitala wa minibasi yochokera ku Nsungwi, limalowa m'thumba la thukuta la wakabaza, ndipo madzulo limamangidwa pa mfundo ya chitenje cha mayi wogulitsa usipa. Mwa anthu onsewa palibe amene walakwa, chifukwa aliyense wagwiritsa ntchito ndalamayo monga momwe malonda ake amafunira. Ntchito imeneyi m'mayiko ena imagwiridwa ndi chitsulo, chimene sichiopa madzi, mafuta kapena fumbi la makala. Pepalalo likalema, wina amalikana, wina amalimata ndi selotepi, ndipo pamapeto pake limabwerera kubanki kukawonongedwa kuti lina lisindikizidwe kunja ndi madola ena.

N'chifukwa chake ulaliki wa banki yaikulu wokhudza kusamala ndalama ndi woona theka lokha. Chaka ndi chaka akuluakulu ake amadandaula kuti akuwononga mabiliyoni a kwacha posindikiza ndalama zolowa m'malo mwa zowonongeka, ndipo amaloza chala perekaniperekani wa pa ukwati ndi pa chinkhoswe, kumene ndalama zimaponyedwa m'mwamba n'kupondedwa ndi ovina. Kuponda ndalama n'kulakwa ndithu, ndipo oyendetsa mwambo amene amaika lichero kapena beseni patsogolo amachita bwino. Koma ukwati umachitika Loweruka, pamene msika ndi wa masiku onse asanu ndi awiri, ndipo pepala limene lapulumuka pa ukwati limafabe pamsika. Kulalikira mayi wa ku Area 23 kuti agule kachikwama kosungira K50 ndi kumusenzetsa mlandu wa chisankho chimene chinapangidwa m'chipinda cha misonkhano ku City Centre, kumene anaganiza kuti ndalama yoyenda kwambiri m'dziko ikhale yopangidwa ndi chinthu chosalimba kwambiri.

Otsutsa maganizo awa ali ndi mfundo zinayi, ndipo iliyonse iyenera kuyankhidwa mwachilungamo. Yoyamba ndi yakuti Amalawi sakonda makobidi, amawakana ndi kuwataya m'zitini. Koma mbiri ikutsutsa zimenezi, chifukwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 matambala ankasungidwa mosamala ndipo mwana wopatsidwa matambala 10 ankapita kusukulu mokondwa. Chimene anthu amakana si chitsulo koma kulemera kopanda phindu: kuti munthu alipire K1,000 ndi makobidi a K10 ayenera kuwerenga makobidi 100, ndipo kondakitala amene akukana kulandira mulu wotere minibasi ikuyenda sakunyoza malamulo a dziko, akungowerengera nthawi yake. Kobidi la K200 limene lingagule kanthu silingagone m'chitini ngakhale usiku umodzi.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti dziko likupita ku ndalama za pafoni, choncho kusula makobidi n'kubwerera m'mbuyo. Airtel Money ndi TNM Mpamba zasinthadi moyo wa m'malokeshoni, ndipo tizisakasa ta maejenti tili pangodya iliyonse ku Kawale ndi ku Area 25. Komabe kutapa ndalama kwa ejenti kuli ndi mtengo wake, netiweki imathawa, foni imazima magetsi akasowa, ndipo mwana wotumidwa kukagula masamba a K200 sanyamula foni. Ndalama za pafoni zagwira bwino malo a kutumiza ndalama kumudzi ndi kulipira mabilu, koma malonda ang'onoang'ono akadali a m'manja, ndipo boma limene likukonzekera za mawa silimasulidwa ku udindo wopereka chenji cha lero.

Mfundo yachitatu ndi yakuti njira yabwino n'kudula maziro pa kwacha, monga anachitira Mozambique mu 2006 ndi Zambia pa 1 January 2013, pamene mayiko onse awiri anachotsa maziro atatu ndipo makobidi anayambanso kugula zinthu. Njira imeneyi ili ndi ubwino wake, koma imafuna kusindikiza ndi kusula ndalama zonse mwatsopano nthawi imodzi, kusintha makina a mabanki ndi mabuku a makampani, ndi kuphunzitsa dziko lonse, zonsezo ndi madola amene Malawi alibe. Kuonjezera apo, kudula maziro sikuchiza kukwera kwa mitengo, ndipo umboni wake ndi Zimbabwe, imene inadula maziro atatu mu 2006, khumi mu 2008 ndi 12 mu 2009, koma ndalama yake inafabe, anthu ake n'kumalandira maswiti m'malo mwa chenji mpaka boma linakasulitsa makobidi ku South Africa mu 2014. Kudula maziro ndi ntchito ya dziko limene lakhazikitsa kale mitengo, pamene kusuntha malire a chitsulo ndi pepala ndi ntchito yaing'ono imene ingayambe tsopano. Pa chifukwa chomwecho, maganizo akuti Malawi amange chipala chakechake ndi maloto odula, pakuti ngakhale Royal Mint, imene inali ndi makasitomala m'mayiko ambiri, inalengeza mu 2024 kuti ikusiya kusulira mayiko ena ndalama zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku chifukwa malondawo ankaitayitsa ndalama.

Mfundo yachinayi ndiyo yolemera kuposa zonse: ngati mitengo ipitiriza kukwera ndi 30 pa 100 pa chaka, kobidi la K100 lidzafanso m'zaka zochepa monga linafera la K10, ndipo madola osulira adzakhala atapita m'madzi. Mfundoyi ndi yoona, ndipo yankho lake lili pawiri. Choyamba, ngakhale kobidi litagwira ntchito zaka 8 kapena 10 zokha, likhala litapulumutsa mapepala angapo amene akanasindikizidwa motsatizana pa malo omwewo, bola lisankhidwe la mtengo wokwera ndithu, osati kubwereza kulakwa kwa 2012 kotulutsa ndalama imene yatsala pang'ono kufa. Chachiwiri, banki yaikulu imene ikuopa kusula chitsulo cha zaka 25 chifukwa sikhulupirira kuti ndalama yake ikhala ndi mphamvu zaka zisanu ikuvomereza poyera kuti yalephera ntchito yake yoyamba, imene ndi kusunga mphamvu ya kwacha. Kukwera kwa mitengo kumachokera ku boma lobwereka mopyola muyeso, ku dziko logula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsa ndi lodalira fodya, ndiponso ku zokolola zogwa pa chilala ndi namondwe, ndipo kobidi silingachize zimenezi. Koma matendawo sangakhale chifukwa chosiyira wodwala chilonda china chimene mankhwala ake alipo.

Zoyenera kuchitika n'zodziwika. Pasapezeke dola ina yopita kunja kukasulitsa K1, K5 kapena K10, ndipo matambala achotsedwe pa mitengo ya zinthu zogulidwa ndi ndalama za m'manja. Mapepala a K20 aleke kusindikizidwa, ndipo K50, K100 ndi K200 zisandutsidwe zachitsulo, zopepuka, zosiyana kukula ndi m'mphepete mwake kuti anthu osaona ndi okalamba azizizindikira ndi zala, ndipo ziyende limodzi ndi mapepala akale mpaka mapepalawo atatha okha. Pakhale lamulo lomveka la kuzunguliza mitengo, ndiko kuti kufikitsa mtengo pa nambala yapafupi imene ndalama zilipo zingalipire, monga anachitira ku Canada, kumene amazunguliza chiwonkhetso cha zonse zimene munthu wagula, osati chinthu chilichonse pachokhapachokha, ndipo amatsitsa kapena kukweza molingana ndi kumene nambalayo yayandikira, kotero kuti wogulitsa sapambana nthawi zonse. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene ntchito yake ndi kuteteza ogula ku malonda opanda chilungamo, lione kuti switi sakulowa m'malo mwa ndalama ya boma. Ndipo Nyumba ya Malamulo ikhazikitse kuti pa ndalama pasadzaonekenso nkhope ya mtsogoleri amene ali pampando.

Pamwamba pa zonsezi pafunika kuwala. Zipala za boma za m'mayiko ena zimalengeza chaka chilichonse kuchuluka kwa makobidi amene zasula pa mtundu uliwonse ndi mtengo wa kobidi limodzi, ndipo ziwerengero zimenezo ndi zimene zinapatsa anthu a ku Canada ndi ku America mpata wokangana mwanzeru za senti yawo. Amalawi nawo ayenera kumva, m'zinenero zawo ndi pa wailesi, osati m'mabuku a Chingerezi owerengedwa ndi akatswiri okha, kuti chaka chino kwabwera makobidi angati ndi mapepala angati a mtundu uliwonse, kampani yake ndi iti, mtengo wa chimodzi ndi wotani, ndipo pepala la K100 likukhala miyezi ingati lisanawonongedwe. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za bajeti ndi chuma ili ndi mphamvu yofunsa mafunso amenewa, ndipo iyenera kuwafunsa poyera. Asanagobe chidindo chatsopano, akuluakulu a banki ayeneranso kutsika ku City Centre kukamva kwa makomiti a misika, kwa makondakitala ndi kwa amayi a mabungwe oyendetsa makiyosiki a madzi, chifukwa safunsa anadya phula, ndipo makobidi olemera a 2007, amene anasinthidwa patangotha zaka zisanu, anali phula lodula.

Pa kobidi lililonse pamadindidwa chaka, ndipo chakacho ndi mboni yosanama, chifukwa chimakumbutsa aliyense wolitola zimene ndalamayo inkagula pamene inkatuluka ndi zimene ikugula tsopano. Makobidi olembedwa 2012 amene ali mbwee m'zitini, m'madirowa ndi m'mabwalo osewerera ana ku Kawale ndi ku Chinsapo akuchitira umboni kuti pa zaka zochepa chabe njovu ya pa K10 inatsala dzina lokha. Ndalama ya dziko lino inatchedwa ndi mawu a m'bandakucha ndi a mbalame yodzutsa anthu, koma lero mwana wa ku Mgona amadziwa tambala wa m'khola yekha, ndipo wa m'thumba amangomupeza m'buku la masamu kusukulu. Kumubwezeretsa sikufuna chithunzi chatsopano kapena nkhope ina pa chitsulo. Kukufuna kuti mayi wogulitsa tomato akalandira kobidi alimange pa mfundo ya chitenje chake mosanyinyirika, podziwa kuti mawa lidzamugulira mchere.